Sankha Injini Poganizira Masana a Okutobala

Mdzukulu wanga,

Ndamva kuti iwe ndi anzako mukusonkherana ndalama zoti muitanitse kandege kakale kotera pamadzi, kuti muzikaulutsa alendo ku Senga Bay. Sindikukuletsa ayi. Nyanja tili nayo, alendo amabwera, ndipo mtima wanga umakondwa ndikaona ana a masiku ano, ena mwa inu ophunzira za madroni ku African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa muno mu Lilongwe mu 2020, akulakalaka ndege zonyamula anthu. Chimene chikundisowetsa tulo ndi nambala imodzi pa pepala la wogulitsa lija: 65. Imeneyo ndiyo mphamvu ya injini yake, mahosipawa 65. Za kontena mwawerengera, za msonkho mwawerengera, za ngongole ya kubanki ku City Centre mwakambirana kale, koma nambala imeneyi mwangoidutsa. Droni ikagwa mumatola zidutswa n'kugula ina. M'kandege aka mudzakwera ana a eni.

Ndegeyo ndikuidziwa. Ndi Piper J-3 Cub, imene anayamba kupanga ku America mu 1938. Thupi lake ndi mapaipi achitsulo okutidwa ndi nsalu, mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Injini yake ndi Continental A-65, ya masilinda anayi, yopanda sitata ngakhale batire. Umailiza popukusa pulopela ndi dzanja. Ikanyamula anthu ndi mafuta siyenera kupitirira makilogalamu pafupifupi 550. Ndi ndege yofatsa, ndipo anthu miyandamiyanda anaphunzirira pa iyo. Pa matayala, pabwalo la udzu, m'mawa kukuzizira, 65 imakwana bwinobwino. Koma ukachotsa matayala n'kuikapo timabwato tiwiri toyandamitsa, wasintha ndege yonse ngakhale injini sunaikhudze.

Timabwato timalemera kuposa matayala ndi makilogalamu makumi angapo, ndipo m'mwamba timalimbana ndi mphepo pamodzi ndi mizati ndi mawaya ake. Izo n'zochepa. Ntchito yaikulu ili pamadzi. Ukakankha thirotolo mpaka kumapeto, mphuno ya ndege imadzuka, kumbuyo kwa timabwato kumazama, ndipo madzi amaunjikana kutsogolo kwake n'kukhala mtunda woti ndege iukwere. Pamenepo ndi pamene madzi amagwira zolimba kuposa pena paliponse. Injini ikubangula, madzi akuthovokera m'mbali, madontho akumenya pulopela, iwe kutsogolo sukuona chifukwa mphuno yatchinga, koma liwiro likadali lochepa. Kunsi kwa kabwato kalikonse kuli sitepe, pamene thupi lake analidula dala. Ndege ikakwanitsa kukwera mtunda uja, mphuno imatsika pang'ono, timabwato timavuuka n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi, pongokhudza ndi kachigawo kakang'ono ka pafupi ndi sitepe. Apo ndiye liwiro limabwera, mapiko n'kunyamula. Injini yoperewera imakusiya pamtunda paja. Umangolima madzi, injini n'kumatentha chifukwa mphepo yoiziziritsa sikufika mokwanira, malo othamangira n'kumatha.

Usanyengeke ndi tsiku limene nyanja yagona, madzi ali see. Wosadziwa amati lero ndiye labwino. Tsiku lotero madzi amamatirira kunsi kwa timabwato popeza palibe timafunde tolowetsa mpweya, ndiponso palibe mphepo ya kumaso yothandiza mapiko. Odziwa amayamba azungulira kuti avundule madzi, kapena amadzutsa kabwato kamodzi kaye kenako kanzake. Nanga mwera ukayamba, kuchokera cha mu Meyi mpaka Ogasiti? Kwa kandege kakang'ono chotere, mafunde ofika m'mawondo achuluka kale. Pamenepo umafuna kuchoka pamadzi msanga timabwato tisanamenyedwemenyedwe mpaka misomali yake kumasuka, ndipo chokuchotsa msanga ndi mphamvu basi. Bata ndi mafunde, zonse ziwiri zimapempha chinthu chimodzi.

Tsono imva za mpweya, pakuti apa ndi pamene pepala la wogulitsa silikunena za kwathu kuno. Mahosipawa 65 aja anawayeza pa msinkhu wa nyanja yamchere, kutentha kuli madigiri 15. Injini ya mtundu uwu ilibe choipopera mpweya, imangopuma umene waizungulira. Mpweya ukapyapyala, mphamvu imatsika ndi pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene wakwera. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474. Pamsinkhu umenewo mabuku a ndege amayembekezera kutentha kwa madigiri 12, ndipo digiri iliyonse yopitirira pamenepo imapyapyalitsa mpweya ngati wakwera mamita enanso 36. Ku Salima mu Okutobala, madigiri 33 masana si chachilendo. Werengera wekha: injini idzapuma ngati ili pa mamita 1,200, ndipo 65 ija idzasanduka 57. Kuno ku Lilongwe n'koposa. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mamita 1,230. Kutentha kukafika madigiri 30, mpweya wake umafanana ndi wa pa mamita 2,000, ndipo injini yako yatsala ndi 52. Nambala zimenezi ndi za injini yatsopano. Yako inapangidwa bambo ako asanabadwe.

Mwina ukuti kuchoka pa 65 kufika pa 57 si kutaya kwambiri. Apa ndi pamene ndikufuna undimvetsetse kuposa pena ponse. Wapantchito aliyense muno m'tauni amadziwa kuti nyumba samangira malipiro onse. Amamangira zimene zatsala akalipira lendi, chakudya ndi fizi. Malipiro akatsika pang'ono lendi siitsika nawo, chimene chimatha ndi chotsala chija. Injini nayo ndi chimodzimodzi. Mphamvu yake yambiri imathera pongoisunga ndege m'mwamba kuti isatsike, ndipo yokwerera ndi yotsalayo. Tiyerekeze kuti kandege ka timabwato kodzaza kakufuna mahosipawa 45 kuti kangoyenda osatsika. Pa 65 patsala 20. Pa 57 ya ku Senga Bay patsala 12. Injini yataya 12 peresenti yokha, koma mphamvu yokwerera yataya 40 peresenti. Pa 52 ya kuno patsala 7. Tsono ikapo injini ya 90: masana omwewo kunyanja ipereka ngati 79, ndipo patsala 34, pafupifupi katatu kuposa 12 ija. Apa sindinawerengere kuti mapiko ndi pulopela nazonso zimagwira mofooka mumpweya wopyapyala. Mahosipawa 25 owonjezerawo ndi amene adzakudutsitse pamwamba pa mitengo ya kugombe ndi phiri la Senga, mpweya wotsika kuchokera kuphiri ukadzakukankhira pansi.

Nyanja yathu inalandirapo kale ndege za pamadzi, ndipo amene anazibweretsa anali atawerengera zimenezi. Mu Novembala 1949 ndege za kampani ya BOAC, zotchedwa Short Solent, zinayamba kutera pa Cape Maclear paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Zinali zikuluzikulu, thupi lake lenilenilo ndilo linali bwato. Pa njira imeneyo zinkanyamuka pa nyanja ya Victoria, imene ili pamtunda woposa mamita 1,100, ndi pa damu la Vaal, limene lili pafupifupi pa mamita 1,500. Iliyonse inali ndi injini zinayi za Bristol Hercules, imodzi mahosipawa pafupifupi 1,700, zonyamula matani ngati 35. Ukagawa, hosipawa imodzi inkanyamula makilogalamu asanu. Maulendowo sanakhalitse, anatha mu 1950, koma nambala imeneyo uisunge.

Ina ndi de Havilland Beaver ya ku Canada, imene inauluka koyamba mu 1947. Asanaipange anafunsa oyendetsa ndege a m'madera a nkhalango ndi nyanja kuti akufuna chiyani, ndipo iwo anapempha mphamvu yochuluka ndi kunyamuka pamalo aafupi. Poyamba inkayenera kukhala ndi injini yocheperapo ya ku Britain, koma anamaliza ndi Pratt & Whitney Wasp Junior ya mahosipawa 450. Kuno kwathu Central African Airways inkatera nayo m'timabwalo ta m'maboma, pa matayala, ndipo Air Malawi itayamba mu 1964 inali nazo. Ku Canada ndi ku Alaska mpaka lero zikugwira ntchito pa timabwato. Yodzaza imalemera makilogalamu pafupifupi 2,300. Gawa ndi 450, upezanso asanu. Mng'ono wake wa Cub yako, Piper Super Cub ya injini ya Lycoming ya mahosipawa 150, imanyamula makilogalamu ngati 800, ndiye kuti asanu ndi pang'ono. Ndege zitatu zosiyana kukula, zopangidwa m'mayiko atatu, zonse zogwira ntchito yeniyeni pamadzi, zakumana pa nambala imodzi. Pa yako, hosipawa imodzi ikunyamula makilogalamu asanu ndi atatu ndi theka papepala, ndipo masana a Okutobala ku Senga Bay ikuyandikira khumi.

Sindikunena kuti Cub ya 65 siinganyamuke pamadzi. Imanyamuka, ndipo anthu ambiri anaphunzirira pa yotero, m'nyanja zozizira za kumpoto, mphunzitsi ndi wophunzira onse ochepa thupi, mafuta theka. Ngati cholinga chako n'kuuluka wekha dzuwa lisanakwere, ingakusangalatse. Koma mwanena kuti mukufuna kunyamula alendo, ndipo mlendo sasankhidwa pa sikelo.

Ndiye langizo langa ndi ili. Ngati mtima wanu wakhazikika pa J-3, funani ya injini ya Continental C-85 kapena C-90. Injini zimenezi ndi za banja limodzi ndi A-65, ndipo zopanda sitata sizilemera mosiyana kwenikweni ndi iyo. Pa ziwirizi ine ndingatenge C-90. Imapereka mahosipawa 90 ikuzungulira ka 2,475 pa mphindi, pamene inzake ya Continental, O-200, imafika pa 100 pokhapokha itazungulira ka 2,750. Pamadzi chofunika ndi kukoka kwamphamvu liwiro likadali lochepa, ndipo injini yopereka mphamvu yake pozungulira modekha imatha kupukusa pulopela yaitali, yokoka bwino pamtunda wa madzi uja. Nambala yaikulu papepala si nthawi zonse imene imakudzutsa msanga. Za sitata uganize kawiri. Kuliza injini ndi dzanja utaima pa kabwato, kumbuyo kwa pulopela, ndege ikuyandama, ndi luso lofunika kuphunzitsidwa ndi wodziwa; koma sitata imabwera ndi jenereta ndi batire, ndipo kulemera kwake kumachotsedwa pa katundu amene ukananyamula.

Paja walira mvula walira matope. Injini yamphamvu imamwa kwambiri. Thanki ya Cub imalowa malita 45 okha. A-65 imamwa ngati malita 16 pa ola, C-90 imapitirira 20, ndiye kuti ulendo wako wafupika, ndipo mafuta a ndege sagulitsidwa pa filingi siteshoni iliyonse ya pamsewu wa Salima. Chinanso, injini yatsopano sikweza malire a kulemera amene opanga ndege analemba, pokhapokha pali chikalata chololeza zimenezo. Ndiponso usathamangire mbali inayo, kuganiza kuti kukula kwa injini ndiye chitetezo. Injini ya 150 imalemera kuposa A-65 ndi makilogalamu pafupifupi 40, onsewo kumphuno. Thupi la J-3 silinapangidwire zimenezo, ndipo ndege ya timabwato yolemera kumphuno imafuna kuzamitsa nsonga za timabwato potera, zimene zingaigudubuze chadodolido. Ukafuna 150, gula ndege imene inabadwa ndi 150, Super Cub ija. Mtengo wake ndi wokwera, ndikudziwa. Ngati ndalama sizikukwana, dikirani chaka china mukusonkha. Ndinene poyera: kwa ntchito yonyamula anthu olipira pa nyanja yathu, ine ndingadikire Super Cub.

Wina mwa anzako adzanena kuti pa Malangalanga pali amakaniko anzeru oti angaikemo injini ya galimoto yamphamvu pamtengo wochepa. Amakaniko athu ndi anzerudi, ndimawalemekeza, amadzutsa magalimoto amene kwina akanatayidwa kale. Koma injini ya galimoto inapangidwa kuti izipereka mphamvu yake yonse mwa apo ndi apo, pamene ya ndege imagwira pafupi ndi mapeto a mphamvu zake ola ndi ola. Ya ndege ili ndi mamagineto awiri ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, kuti china chikafa chinzake chipitirize. Kusintha kulikonse kwa injini kapena pulopela pa ndege yotere kumayenera kukhala ndi chikalata chovomerezeka, chimene ku America amachitcha STC, chonena kuti injini iyi, pulopela iyi ndi timabwato iti zinayesedwa pamodzi pa ndege ya mtundu uwu. Musanatumize ndi tambala yomwe, tengani mapepala onse mupite nawo kwa akuluakulu oona za ndege a Civil Aviation Authority, mukafunse ngati angailembetse, ndiponso zimene amafuna kwa munthu wonyamula anthu olipira. Laisensi yoyendetsa ndege ya matayala siikuloleza kutera pamadzi. Pali maphunziro ake apadera.

Ngakhale pepala litanena kuti 90, usakhulupirire pepala lokha. Injini yokalamba imataya mphamvu mwakachetechete, m'maring'i otha ndi m'mavavu osatseka bwino. Tumizani injiniya wanu, osati wa wogulitsa, akaione. Ayeze kompuresheni ya silinda iliyonse injini ili yotentha. Apope mpweya m'silinda n'kutchera khutu kupaipi ya utsi, kukabyureta ndi potsirira oyilo, pakuti pamene pakumveka kufwetsa ndi pamene mphamvu ikuthawira. Aone ngati muli tizitsulo m'sefa ya oyilo. Aimange ndege, akankhe thirotolo yonse, awerenge kuti ikuzungulira kangati, n'kuyerekeza ndi zimene chikalata cha pulopelayo chikunena. Awerenge mabuku a injini tsamba ndi tsamba. Injini imene yakhala zaka osalira ndi yoopsa kuposa imene yakhala ikuuluka mlungu ndi mlungu, chifukwa dzimbiri limadya m'kati mosaoneka. Ndipo ndegeyo iikidwe pa sikelo ili pa timabwato take. Ndege zakale zimanenepa ndi utoto, zigamba ndi mawailesi, ndipo nambala ya kulemera yolembedwa zaka makumi angapo zapitazo kawirikawiri imakhala yochepa kuposa zenizeni.

Timabwato natonso tili ndi masamu ake. Pa Cub kawirikawiri amaikapo ta Edo 1320. Nambalayo ikunena mapaundi a madzi amene kabwato kamodzi kamakankha kakamira konse. Lamulo la opanga ndege limafuna kuti timabwato tiwiri tikhale ndi mphamvu yoyandamitsa yoposa kulemera kwa ndege ndi 80 peresenti, ndipo kalikonse kagawidwe m'zipinda zosalowerana madzi. Takale timadontha. M'mawa uliwonse, usanalize injini, udzagwada pa kabwato ndi pampu ya m'manja, kutsegula kachivindikiro ka chipinda chilichonse n'kupopa mpaka pampu iyambe kukoka mpweya. Uziyang'ana kuti chipinda chiti chatulutsa madzi ambiri kuposa dzulo. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo malita 20 oiwalika kumbuyo kwa kabwato ndi katundu amene sunamulembe, wokhala pamalo oipitsitsa.

Ndamvanso kuti ena akuganiza zokayesera ndegeyo pa Kamuzu Dam ku Malingunde popeza ndi pafupi ndi kwathu. Chotsani maganizo amenewo. Amenewo ndi madzi amene mzinda wonse umamwa, ali ndi eni ake owayang'anira, ndipo ali pamtunda pamene injini yako idzakhala yofooka kuposa kunyanja, malo othamangira ali ochepa. Ndiponso pakati pa nyanja ndi Lilongwe pali mapiri oti ukwere, ndipo ndege ya timabwato ilibe potera pakatipo.

Tsiku lovuta lidzafika motere. Adzabwera bwana wa ku Area 10 kapena Area 43, wathupi lake, kamera pakhosi, chikwama m'manja, ndalama watumiza kale pafoni. Nthawi ili 1 koloko masana, mchenga ukuotcha mapazi, nyanja ili zii. Ngongole ya kubanki ikukudikira kumapeto kwa mwezi, anzako akukuyang'ana. Pamenepo udzafunika kunena kuti, "Pepani bwana, tinyamuka mawa m'mamawa, ndipo chikwamachi chitsala." Adzakwiya, mwina adzafuna ndalama zake. Mubwezere. Injini yokwanira idzachepetsa masiku otere, koma siidzawathetsa, ndipo ndikufuna mawu amenewa uwazolowere pakamwa tsikulo lisanafike. Sikelo ikhale pagombe, aliyense aziimapo, ndi iwe womwe.

Ndegeyo ikadzafika, milungu yoyamba ikhale yoidziwa, uli ndi mphunzitsi wodziwa za pamadzi. Yambani m'mawa, mafuta theka. Uziwerenga masekondi kuyambira pokankha thirotolo kufika pa sitepe, ndi kuchoka pa sitepe kufika pamene timabwato tasiya madzi. Uzilemba m'kabuku pamodzi ndi kutentha kwa tsikulo, mphepo ndi kulemera. Kenako muziwonjezera kulemera pang'onopang'ono, muzisunthiranso nthawi chakumasana, mpaka kabukuko kakuuze pamene ndege yako, osati ya m'buku la opanga, imayamba kukanika. Musanathamange muziyenda kaye pang'onopang'ono m'njira yonseyo kuona maukonde, mabwato a asodzi ndi mvuu. Ndipo nthawi iliyonse, usanakankhe thirotolo, sankha chizindikiro pagombe, kaya mtengo wa mlambe kaya thanthwe, chokhala ndi madzi okwanira kutsogolo kwake. Ukafika pamenepo timabwato tikadali m'madzi, bweza thirotolo, tembenuka, ukatsitse katundu kugombe.